Chikhakha Chachoka: Tibwerere Bwanji pa Njinga?

M'boma la Ntcheu njinga yakapalasa ndi khasu lachiwiri. Ndiyo imanyamula matumba a mbatata ya kachewere m'mapiri a Tsangano, ndiyo imafikitsa kabichi, anyezi ndi tomato pa msika wa Lizulu, ndiyonso imathamangira kuchipatala ndi mwana amene watentha thupi usiku. Pa Kampepuza, pa Mlangeni ndi pa Boma penipeni, abambo ndi anyamata a kabaza amadyetsa mabanja awo ndi mphamvu za m'miyendo. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, amayi a geni ndi ana asukulu, onse amadalira njinga. Choncho munthu akagwa n'kuthyoka, banja lonse limatsimphina naye limodzi.

Mwezi uno tikambirana za nthawi imene ambiri saikonzekera, pamene bala lapola ndipo achipatala achotsa chikhakha. Tsiku limenelo pakhomo pamakhala chimwemwe. Ngongole ya kugolosale yachuluka, fizi ya ana ikudikira, ndiye mawa lake m'bandakucha bambo amanga thumba la makilogalamu 50 pa kaliyala n'kuuyamba ulendo. Asanafike pakati pa chitunda choyamba, mtima ukugunda ngati ng'oma, miyendo ikunjenjemera, m'maso muli mdima. Ena amabwerera kunyumba ali ndi mantha kuti agwidwa matenda ena. Ena amalimbikira, ndipo pa mtsetse wotsatira amagwanso.

Mfundo yathu ndi imodzi. Fupa limalumikizana pa nthawi yake, mphamvu nazo zimabwerera pa nthawi yake, ndipo nthawi ziwirizi sizifikira limodzi. Tsiku lochotsa chikhakha ndi tsiku loyamba la ntchito yachiwiri, yomanganso thupi.

Zimene zimachitika thupi likakhala pansi

Thupi silisunga chinthu chimene sichikugwiritsidwa ntchito. Munthu wopalasa tsiku ndi tsiku amakhala ndi magazi ochulukirapo m'mitsempha, mtima wake umapopa magazi ambiri ukagunda kamodzi, ndipo minofu ya m'ntchafu imadziwa kugwiritsa bwino ntchito mpweya umene magaziwo abweretsa. Akangosiya kupalasa, zitatu zonsezi zimayamba kuchepa. Amayamba kutsika ndi madzi a m'magazi, m'masiku ochepa oyambirira omwe. Magazi akachepa, mtima umafunika kugunda kambirimbiri kuti ugwire ntchito imene kale unkaigwira mosavutikira. Befu limene mukulimva pa kachitunda kamene kale munkakwera mukuimba mluzu likuchokera pamenepo.

Madokotala a mumzinda wa Dallas ku America anayeza zimenezi mu 1966. Anatenga anyamata 5 athanzi, azaka 20, n'kuwagoneka pabedi kwa masabata atatu osadzuka. Atawayeza, mphamvu ya mtima ndi mapapo yotumiza mpweya m'thupi pa ntchito yolemetsa inali itatsika ndi maperesenti pafupifupi 27. Patapita zaka 30 anawaitananso anthu omwewo, ali ndi zaka 50, ndipo anapeza kuti kukula kwa zaka 30 kunawafooketsa pang'ono poyerekeza ndi masabata atatu aja a pabedi.

Mwendo kapena mkono umene unali m'chikhakha umatuluka wowonda, chifukwa minofu yosagwira ntchito imafwapa. Mfundo zimauma, ndipo luso la thupi lodziwongola lokha munthu akapendekeka limachepanso. Luso limeneli ndi limene limakugwirani tayala likagunda mwala kapena likalowa mumchenga.

Kafukufuku yemweyu ali ndi mbali yolimbikitsa. Anyamata aja atadzuka anachita masewera olimbitsa thupi kwa masabata 8, ndipo mphamvu zawo zinabwerera, ena mpaka kupitirira pamene anali poyamba. Minofu imene inazolowerapo ntchito imabwerera msanga kuposa ya munthu amene akuyamba kumene. Zaka zimene mwakhala mukupalasa sizinapite pachabe. Pokonzekera, werengerani kuti kubwerera mwakale kungakutengereni nthawi yofanana ndi imene munakhala pansi, mwinanso kuposerapo ngati ndinu wachikulire.

Mawu oyamba akhale a achipatala

Ululu ukatha, fupa limakhala lisanafike polimba kwenikweni. Kwa munthu wamkulu, fupa la polumikizira dzanja ndi mkono limakhala m'chikhakha masabata pafupifupi 6. Fupa lopingasa la pakati pa khosi ndi phewa, limene opalasa njinga amathyoka kawirikawiri akagwera paphewa, limatenga masabata 6 mpaka 12. Nthiti zimatenga pafupifupi masabata 6. Fupa la msongolo limatenga miyezi 3 mpaka 6, ndipo la m'ntchafu nalo ndi la miyezi. Ana amapola msanga. Okalamba, odwala matenda a shuga ndi osuta fodya amachedwa.

M'zipatala za maboma muno m'Malawi, anthu ambiri othyoka amathandizidwa ndi makilinikala ofesala amene anaphunzira za mafupa, maphunziro omwe anayamba m'dziko muno mu 1985. Kwa anthu a ku Ntcheu, poyambira ndi chipatala cha boma cha Ntcheu, ndipo zikavuta amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Musajombe tsiku limene anakulemberani m'buku la kuchipatala kuti mukaonedwenso, ngakhale mukumva bwino. Mukafika, funsani mafunso olunjika. Kodi fupali lalumikizana mokwanira kuti ndiliponde ndi thupi lonse? Ndingayambe liti kukwera njinga yopanda katundu? Nanga kunyamula thumba kapena munthu? Ndi mafizo ati amene ndingachite kunyumba? Safunsa anadya phula.

Amene anamenyetsa mutu akhale osamala koposa. Ubongo ukagwedezeka, munthu amatha kumamva mutu, chizungulire, kuiwalaiwala, kusagona bwino kapena kudana ndi kuwala kwa masiku angapo, ena kwa masabata. Musakwere njinga zizindikiro zimenezi zikadalipo. Yambani ndi kuyenda pansi pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zikakula, pumani n'kudzayesanso mawa. Kumenyetsanso mutu ubongo usanachire ndi ngozi yoopsa kwambiri kuposa yoyamba ija.

Phunziro lochokera kwa akatswiri

Ngakhale akatswiri a mipikisano ya njinga, amene ali ndi madokotala awoawo ndiponso sadera nkhawa za ufa, sangathe kulamula thupi kuti lifulumire. Mu Ogasiti 2020, Remco Evenepoel wa ku Belgium, ali ndi zaka 20, anagunda khoma la mlatho pa mpikisano wa Il Lombardia ku Italy n'kugwera kuphompho, ndipo anathyoka fupa la m'chiuno. Anayambiranso kupalasa miyezi ingapo itadutsa, koma ululu unabwerera chifukwa fupalo linali lisanapole bwino, moti kumayambiriro kwa 2021 anaisiyanso njinga kwa masabata angapo. Anabwerera mu mpikisano mu Meyi 2021, ndipo mu Seputembala 2022 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi.

Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya ndipo anapambana mpikisano wa Tour de France kanayi, anagunda khoma ku France mu Juni 2019 n'kuthyoka fupa la m'ntchafu, chigongono ndi nthiti. Zinamutengera miyezi 8 kuti abwererenso mu mpikisano, ndipo sanafikenso pamene anali kale.

Anthu awiriwa akutiphunzitsa zinthu ziwiri. Kufulumira kumabweza munthu m'mbuyo. Komanso ngozi ina ikakula, makamaka kwa amene zaka zapitako, thupi likhoza kubwerera mokwanira kugwira ntchito koma osafika pa mphamvu zakale. Zimenezo sizochititsa manyazi. Bambo amene ankanyamula matumba awiri akhoza kudyetsabe banja lake ponyamula limodzi.

Musanakwere, yambani pansi

Achipatala akalola kuponda, kuyenda pansi ndiye mankhwala oyamba. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, n'kumawonjezera mpaka muziyenda mphindi 30 mwandawala osatsimphina. Ngati chovulala ndi mkono kapena phewa, kuyenda kungayambe chikhakha chikadalipo, ndipo amene amatero sataya mphamvu zambiri.

Onjezerani mafizo osafuna ndalama. Khalani pampando n'kuimirira osagwira paliponse, maulendo 10. Kwerani ndi kutsika pa sitepe ya pakhonde, mwendo uliwonse maulendo 10. Gwirani khoma n'kumanyanyamphira, kuti akatumba alimbe. Imani ndi mwendo umodzi muli pafupi ndi khoma. Ngati chinavulala ndi dzanja, finyani kansalu konyowa kapena kampira kamasanza, ndipo muzipinda ndi kuwongola dzanjalo m'madzi ofunda. Chitani zimenezi kawiri pa tsiku. Kumva kukoka m'minofu n'kwabwino, koma ululu wobaya pamene panathyoka paja ukutanthauza kuti mulekeze pomwepo.

Tsiku lokwera njinga lafika mukatha kuchita zinthu zinayi izi popanda ululu: kuima ndi mwendo wovulala uja kwa masekondi 30, kufinya mabuleki onse awiri mwamphamvu maulendo 10 motsatizana, kucheuka kumbuyo mbali zonse popanda chizungulire, ndiponso kukankha njinga, kuikwera ndi kutsikapo mosadzandira. Chimodzi chikakanika, dikirani sabata ina.

Njinga nayo inavulala

Ambiri amachira okha n'kuiwala kuti njinga inagwa nawo limodzi. Musanaikwere, pitani nayo kwa wokonza njinga wodalirika. Aone foloko ngati inapindika, chifukwa foloko yopindika imakokera njinga mbali imodzi ndipo ikhoza kuthyoka mwadzidzidzi. Aone felemu m'malo owotcherera ngati muli mng'alu. Azungulitse matayala kuti aone limu yopotoka ndi masipoko oduka. Amange mahandulo, chishalo ndi kaliyala. Koposa zonse, mabuleki onse awiri agwire, a kutsogolo ndi a kumbuyo. Chizolowezi choponda tayala ndi nsapato m'malo mwa buleki chavulaza anthu ambiri, ndipo kwa munthu amene mwendo wake wangopola kumene ndi kudziputira ngozi.

Masiku oyamba tsitsaniko chishalo pang'ono kuti phazi lizifika pansi msanga. Mukazolowera, chibwezereni pamalo pake: mutakhala pachishalo n'kuika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo pa maulendo aatali. Ngati munavala chipewa chodzitetezera kumutu pa tsiku la ngozi ndipo chinamenyetseka, chatha ntchito ngakhale chikuoneka bwino kunja, chifukwa zam'kati mwake zinaphwanyika kale pokutetezani. Ngati munalibe, pamene mukukonzetsa njinga ndi nthawi yabwino yoganizira zogula.

Ndondomeko ya masabata 8

Ndondomeko iyi ndi ya munthu amene anakhala osapalasa kwa mwezi umodzi kapena iwiri ndipo achipatala amulola. Lamulo lake n'lakuti muziwonjezera chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo dongosolo likhale ili: nthawi poyamba, kenako zitunda, kenako katundu, pomalizira munthu.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri, palasani pamalo athyathyathya opanda magalimoto, monga pabwalo la mpira la pasukulu, kwa mphindi 10 mpaka 15. Chitani zimenezi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo masiku apakatiwo muziyenda pansi ndi kuchita mafizo. Yesererani kunyamuka, kukhota ndi kuima mwadzidzidzi.

Sabata yachitatu ndi yachinayi, lowani m'misewu ya m'mudzi kwa mphindi 20 mpaka 30, masiku anayi pa sabata. Mukafika pa chitunda, tsikani n'kukankha. Njinga zambiri za kuno zilibe magiya, ndiye kukwera chitunda chodzuka pachishalo kumaika mphamvu yaikulu pa bondo, pa msongolo ndi pa manja.

Sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, fikani pa mphindi 40 mpaka 60, ndipo yambani kukwera zitunda zing'onozing'ono. Kumapeto kwake mangani katundu wopepuka, wosapitirira makilogalamu 20, ndipo mum'mange motsika komanso pakatikati.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndi yachisanu ndi chitatu, wonjezerani katundu pang'onopang'ono mpaka theka la umene munkanyamula kale, kenako kupitirirapo. Munthu mum'nyamule pomalizira penipeni, poyamba wachibale wopepuka pamtunda waufupi. Thumba silisuntha lokha ndipo likagwa silithyoka. Munthu amasuntha, amadzidzimuka, ndipo moyo wake uli m'manja mwanu.

Kumene mukukhala kusinthe ndondomekoyi. Kuchigwa cha Bwanje, cha ku Bilira, Sharpevale ndi Kasinje, malo ambiri ndi athyathyathya koma mu Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa, ndiye palasani m'mamawa. Kumtunda, cha ku Tsangano, Biriwiri ndi Lizulu, vuto ndi mapiri ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimaumitsa mfundo. Kumeneko yambani mwayenda pansi mphindi 5 kuti thupi lifunde. Ambiri amaopa chitunda, koma kwa wochira kumene mtsetse ndiye woopsa, chifukwa umafuna manja olimba ogwira mabuleki kwa nthawi yaitali. Nthawi ya mvula, dothi lofiira limaterera ndipo mabuleki onyowa amachedwa kugwira.

Mudziwa bwanji kuti mwapyola muyezo?

Simufunika makina. Njira yoyamba ndi kulankhula. Ngati mukupalasa n'kumatha kulankhula chiganizo chathunthu, liwirolo n'labwino. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi chifukwa cha befu, chepetsani. M'masabata anayi oyambirira, maulendo anu onse akhale oti mungathe kucheza.

Njira yachiwiri ndi kugunda kwa mtima. M'mawa musanadzuke, ikani zala ziwiri pamtsempha wa padzanja cha kumunsi kwa chala chachikulu, n'kuwerenga kwa mphindi yathunthu. Chitani zimenezi masiku angapo kuti mudziwe nambala yanu. Tsiku limene yakwera ndi 10 kapena kuposa, thupi silinapume mokwanira, kapena likulimbana ndi matenda monga malungo. Tsiku limenelo njinga itsamire khoma.

Njira yachitatu ndi kuona mawa lake. Kuphwanya kwa minofu kumene kukutha pasanathe tsiku limodzi kapena awiri sikodetsa nkhawa. Koma ngati pamalo ovulala paja patupa, kapena ululu wake wakula kuposa dzulo, bwererani pa muyezo wa sabata yapita.

Tichenjezepo za mapiritsi opha ululu. Kumwa mapiritsi m'mawa n'cholinga choti mupalase kuli ngati kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba. Komanso mapiritsi a mtundu wa ibuprofen, akamwedwa masiku ambiri m'mimba mopanda kanthu ndi munthu amene akutuluka thukuta kwambiri, amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Minofu imakula pa nthawi yopuma, makamaka m'tulo. Gonani maola 7 kapena 8. Tsiku la Sabata limatipatsa kale mpumulo wathunthu kamodzi pa sabata, koma wochira kumene afunikanso tsiku lina lopepuka pakati pa sabata.

Mantha nawo amachira

Abambo ambiri sanena, koma pambuyo pa ngozi mtima umadumpha thiraki ikamawomba huta kumbuyo. Amene anagundidwa pa msewu wa M1, umene umadutsa pakati pa boma la Ntcheu utadzaza mathiraki ndi maminibasi, amatha kuuma manja akangofika pamalo pamene anagwera. Munthu wamantha amagwira mahandulo molimbitsa, amayang'ana tayala m'malo moyang'ana kutsogolo, ndipo amagwira buleki modzidzimuka. Zonsezi zimaitana ngozi ina.

Mantha amatha mofanana ndi kufooka kwa miyendo, pang'onopang'ono. Yambani kumene kulibe magalimoto. Kenako lowani mumsewu waukulu nthawi imene magalimoto achepa, muli ndi mnzanu wopalasa kumbuyo kwanu. Pamalo a ngozi paja, kadutsenipo wapansi kaye, tsiku lina mukukankha njinga, kenako mutakwera. Ngati patapita mwezi mukulotabe za ngoziyo, simukugona, kapena mukukwiya msanga pakhomo, kauzeni achipatala. Limeneli ndi vuto lodziwika ndipo lili ndi chithandizo.

Mantha ena ndi nzeru, ndipo musawataye. Yendani kumanzere. Musagwirire lole pokwera chitunda. Madzulo valani chowala, ndipo njinga ikhale ndi nyali ndi zonyezimira. Katundu wopingasa, monga matabwa kapena matumba otulukira m'mbali, amachititsa kuti galimoto ikukoleni podutsa.

Chakudya chomangira fupa ndi mnofu

Nsima yokha imapereka mphamvu yopalasira, koma siimanga mnofu umene unafwapa. Pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi: nyemba, nandolo, khobwe, soya, nzama, mtedza, mazira kapena mkaka. Phala la mgaiwa lothira ufa wa soya kapena nsinjiro ndi chakudya chabwino cham'mawa kwa wochira. Fupa limafuna kashiamu, amene amapezeka mu mkaka, chambiko, soya, malambe, masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru, komanso mu usipa wodyedwa ndi minga yomwe kwa amene amadya nsomba. Vitamini C wa m'magwafa, malalanje, mapapaya ndi tomato amathandiza kupola kwa mabala ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba. Kuwothera dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kupanga vitamini D, amene amalowetsa kashiamu m'mafupa.

Ntcheu ndi nkhokwe ya ndiwo zamasamba, koma mabanja ambiri amagulitsa zabwino zonse n'kutsala ndi zofota. M'miyezi imeneyi, wodwala ayambe wadya, msika pambuyo.

Amene anataya magazi ambiri pa ngozi, kapena amene anadwalanso malungo akuchira, akayezetse kuchuluka kwa magazi. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa befu limene masewera sangalithetse. Tengani botolo la madzi pa ulendo uliwonse, ndipo mkodzo ukayamba kuoneka wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu zimangobisa kutopa n'kuthamangitsa mtima. Fodya amachepetsa magazi opita ku fupa ndipo amachedwetsa kulumikizana kwake, pomwe mowa umachedwetsa kupola ndiponso ndi umene umagwetsa ambiri poyamba pomwe. Ngati pali wachibale amene akulimbana ndi zimenezi, nthawi ya kuchira ndi mpata wabwino womuthandiza kusiya.

Nanga pakhomo tidya chiyani?

Tikudziwa kuti malangizo onsewa ndi osavuta kulemba. Chimene chimakweza munthu pa njinga nthawi isanakwane kawirikawiri ndi thumba la ufa limene latsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake kuchira kwa wopalasa njinga ndi nkhani ya banja lonse, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Khalani pansi monga banja tsiku lomwelo limene achipatala anena kutalika kwa nthawi yochira, n'kuwerengera miyezi iwiri yowonjezera pamwamba pake. Njinga isangokhala. Ibwereketseni kwa mphwanu kapena mnzanu wokhulupirika, mugwirizane kagawidwe ka ndalama ndi za wokonzetsa ikawonongeka. Ngati muli mu banki m'khonde, funsani za thumba la zadzidzidzi musanaganize za katapila, chifukwa chiwongoladzanja cha katapila n'chimene chimathamangitsira anthu kumsewu ali otsimphina. Wovulala mwendo akhoza kukhala pa benchi n'kumagulitsa, pamene amene ankagulitsa akupita kukapikula. Wa kabaza akafika sabata yachisanu akhoza kuyamba ndi kutumikira timaphukusi topepuka pafupipafupi, kuti kangachepe kazilowa.

Mawu a pakhomo ali ndi mphamvu. Mayi akanena kuti, "Bambo, lero tayambani mwapuma, za ufa tiona mmene tichitire," amachotsa mtolo umene mwamuna sakanautula yekha. Mng'ono akanena kuti, "Achimwene, thumbali ndikafikitse ndine, inu munditsatire ndi njinga yopanda kanthu," wapulumutsa mwendo wa mkulu wake. Anzake a pa siteji nawo asamuseke mnzawo akatsika n'kukankha pa chitunda, ndipo amusungire malo ake pamzere. Chimodzimodzi ngati wovulala ndi mayi: mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi ndi ulendo wa kuchigayo zigawidwe kwa ena mpaka achire.

Tiwerengere mofatsa. Kudikira masabata 8 kumatayitsa ndalama za masabata 8. Kuthyokanso pamalo omwewo kukhoza kutayitsa miyezi 6, ndalama zoyendera kuchipatala ku Lilongwe, ndipo mwina n'kusiya chilema chosatha.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Siyani njinga n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi: kupweteka kapena kuthina pachifuwa popalasa, kubanika kapena kukomoka, katumba wa mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kupweteka, chifukwa akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza mobwerezabwereza, kusokonezeka kapena kugona kwambiri kwa amene anamenyetsa mutu, dzanzi kapena kufooka kwa dzanja kapena phazi, bala kutuluka mafinya kapena thupi kutentha, ndiponso pamalo othyoka paja kupindika kapena kumveka ngati pakugwedera. Amene ali ndi matenda othamanga magazi, a mtima kapena a shuga auze achipatala za ndondomeko yawo asanayambe, ndipo asasiye mankhwala awo.

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Lembani ndondomeko ya masabata 8 ija papepala, muimate kuseri kwa chitseko, ndipo mupatse mwana mmodzi ntchito yochonga tsiku lililonse mphindi zimene mwapalasa ndi mmene mwadzukira mawa lake. Sabata ikavuta, ibwerezeni. Mukadzafika pa mzere womaliza, mutayesa mabuleki ndi thumba pa mtsetse n'kuona kuti manja akugwira, pamenepo itanani kasitomala woyamba.